Pakhonde la Mzikiti: Mafupa a ku Uraha, linga la Mlozi ndi mafunso a mwana

 Mwa chifuniro cha Allah takumananso pakhonde pathu pano. Makalata anu a miyezi itatu yapitayi ndalandira ndipo ena ndawayankha kale pambali, koma ilipo imodzi yochokera ku Karonga imene ndaona kuti yankho lake tilimvere limodzi, chifukwa zimene zagwa m'nyumba ya mayi amene alembayo zikhoza kugwa m'nyumba ya aliyense wa ife amene ali ndi mwana pasukulu.

Mayiwa amagulitsa mpunga wa kilombero pamsika. Mwana wawo wamwamuna wa Fomu 2 adapita ndi anzake a kusukulu kukaona nyumba yosungiramo zinthu zakale ya pa Karonga, ija idatsegulidwa m'chaka cha 2004. Pobwera nsima idamukanika. Adali ndi mafunso awiri. M'nyumbamo adaona chigoba cha chinyama chachikulu chotchedwa Malawisaurus, chimene akuti chinkayenda m'dera lathu lino zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo, ndipo adamvanso za nsagwada imene idatoledwa ku Uraha m'chaka cha 1991, ya cholengedwa chofanana ndi munthu, ya zaka zoposa 2 miliyoni. Nanga bwanji kumadrasa adaphunzira kuti Allah adalenga thambo ndi nthaka m'masiku asanu ndi limodzi? Limenelo ndi funso loyamba. Lachiwiri ndi limene lidamugwetsa misozi. Atafika pa mbali yonena za malonda a akapolo, mnzake wokhala naye desiki imodzi adamuuza pagulu kuti, "Buku lanu lija ndi limene lidaloleza Mlozi kugulitsa agogo athu."

Bambo ake atamva adamukalipira kuti asadzayerekezenso kufunsa mafunso achikafiri m'nyumba mwawo. Amalume ake, amene sachoka pafoni, adamuonetsa kanema wa mlaliki wina wakunja wonena kuti zinyama zakalezo, ndege, magetsi ndi intaneti zonse zidatchulidwa kale m'Qur'an. Mwanayo sadakhutire ndi onse awiri, ndipo akuti masiku ano kumzikiti akumapita mochita kukankhidwa. Mayi ake akufunsa kuti: "Mwalimu, ndimuyankhe bwanji mwanayu, ine amene Qur'an ndimangoiwerenga koma Chiarabu sindichimva?"

Mayi, choyamba pepani, chachiwiri musachite mantha. Mwana amene akufunsa ndiye kuti mtima wake ukadali pachipembedzo. Wotayika safunsa, amangochoka mwakachetechete. M'Qur'an momwemo muli ndime zingapo zimene zimayamba ndi kunena kuti anthu akumufunsa Mtumiki (SAW), ena za mwezi, ena za mowa ndi juga, ena za ana amasiye, ena za mzimu, ndipo Allah adayankha, sadawathamangitse. Bambo a mwanayo sindikuwanyoza, mantha awo ndi a kholo lokonda mwana. Koma kukalipa kumangolipirikitsira funsolo kumene kholo silingalionenso, ndipo kumeneko adzaliyankha ndi anthu ena.

Ambiri a ife tidaphunzira Qur'an mwa njira ya makolo: kukhala pamphasa pamaso pa mwalimu, kuloweza Juzu Amma, kukonza katchulidwe mpaka kuhitimu. Njira imeneyi ndi yamtengo wapatali ndipo isathe. Koma idatisiya ambiri tikudziwa kuwerenga, osadziwa chimene tikuwerengacho. Inu a ku Karonga mudali ndi kamwayi chifukwa cha Chiswahili chodutsa pa Songwe. Qur'an yomasuliridwa ndi Sheikh Abdullah Saleh al-Farsy wa ku Zanzibar idatuluka yathunthu m'chaka cha 1969, ndipo womva Chiswahili ankatha kuiwerenga. Lero tili nayo ya m'Chichewa ya Sheikh Khalid Ibrahim Pitala ndiponso ya m'Chiyao ya Sheikh Muhammad Abdul Hamid Silika, ndipo zonsezi mwana akhoza kuzitsegula pafoni. Ndiye kuti mwana wa lero akudziwerengera yekha tanthauzo la ndime zimene agogo ake ankangozimva pakamwa pa shehe, ndipo akuwerenga wopanda womuperekeza.

Kumasulira mawu ndi kwina, kutanthauzira ndi kwina. Itavumbulutsidwa ndime ya 187 ya Sura Al-Baqara, yonena za nthawi yosiyira kudya daku m'mwezi wa Ramadhani, imene imatchula ulusi woyera ndi ulusi wakuda, swahaba Adi bin Hatim (RA) adatenga zingwe ziwiri, choyera ndi chakuda, n'kuziika pansi pa mtsamiro, usiku wonse n'kumazisuzumira kuti aone ngati zayamba kusiyana. Kutacha adakafotokozera Mtumiki (SAW), amene adamuuza mwanthabwala kuti chimene chikunenedwa ndi kuwala kwa m'bandakucha ndi mdima wa usiku. Taonani, Adi adali Mwarabu, Chiarabu adachita kuyamwira, koma adafunikabe womutanthauzira. Nanga ife a ku Ngara ndi ku Chilumba?

Ntchito yotanthauzira imeneyi ndiyo imatchedwa tafsiri, ndipo ili ndi eni ake kuyambira kale: Imam at-Tabari amene adamwalira m'chaka cha 923, Ibn Kathir amene adamwalira mu 1373, ndi buku lija la Jalalaini limene masheikh ambiri amayambira. Malamulo awo ndi odziwika. Ndime imaunikiridwa ndi ndime inzake, kenako ndi Sunna ya Mtumiki (SAW), ndi mamvedwe a maswahaba, ndi Chiarabu cha nthawiyo, ndiponso ndi chifukwa chimene ndimeyo idatsikira. Zimene anthu amazitcha matanthauzidwe amakono zidayamba kumveka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pamene maiko ambiri a Asilamu adagwa m'manja mwa atsamunda, sukulu zatsopano n'kutsegulidwa, ana n'kumabwera kunyumba ndi mafunso onga a mwana wanuyu. Sheikh Muhammad Abduh, amene adali Mufti wa dziko la Egypt kuyambira 1899 mpaka imfa yake mu 1905, ankaphunzitsa tafsiri pa Al-Azhar, ndipo wophunzira wake Rashid Rida ankasindikiza maphunzirowo m'magazini ya Al-Manar. Mfundo yawo yaikulu idali yakuti Qur'an ndi buku la chiongoko lotsikira anthu amoyo, choncho wotanthauzira asathere nthawi yonse pa mikangano ya galamala ndi nthano zobwereka, koma afike pa chimene ndimeyo ikufuna kwa munthu amene wakhala patsogolo pake.

Tiyambe ndi mafupa, poti funso limeneli ndi lopepukirapo. Zoonadi Qur'an imatchula masiku asanu ndi limodzi, monga pa ndime 54 ya Sura Al-A'raf. Koma liwu la Chiarabu lakuti yaum silidamangiriridwe pa tsiku lathu lotuluka ndi kulowa kwa dzuwa. Sura Al-Hajj ndime 47 imatchula tsiku lofanana ndi zaka 1,000 zathu, ndipo Sura Al-Ma'arij ndime 4 imatchula lina la zaka 50,000. Ndiponso mwana wanzeru ngati wanuyo adzaona yekha kuti dzuwa lisadalengedwe sipakadakhala tsiku lowerengera dzuwa. Otanthauzira akale omwe adakambirana za kutalika kwa masiku amenewa, ndipo ambiri a masiku ano amati ndi nyengo zisanu ndi imodzi zimene kutalika kwake akudziwa ndi Allah. Qur'an sidatchule kuti dziko lili ndi zaka zingati, ndipo sidatchule chaka chimene Adam (AS) adalengedwa. Chimene timakhulupirira ndi chakuti Allah ndiye adamulenga, adamulemekeza, adamuphunzitsa ndi kumusenzetsa udindo. Kuti nsagwada ya ku Uraha idali ya cholengedwa chotani, imeneyo ndi ntchito ya ofukula, ndipo iwo omwe amatsutsana ndi kukonzana chaka ndi chaka. Sura Al-Ankabut ndime 20 imatilamula kuyenda padziko ndi kuona m'mene chilengedwe chidayambira. Amene adakumba ku Mwakasyunguti ndi ku Uraha, kaya ankadziwa kaya ayi, adachita zimene ndimeyi imanena, ndipo ine ndingakondwe kumva kuti mwana wa Chisilamu wa ku Karonga wadzakhala mmodzi wa iwo.

Koma njira ya amalume ija ndiyenera kuichenjeza. Nayonso ndi imodzi mwa njira zamakono, ndipo ili ndi mbiri. Sheikh Tantawi Jawhari wa ku Egypt, amene adamwalira mu 1940, adalemba tafsiri ya mabuku oposa 20 yodzaza ndi za nyenyezi, zomera ndi zinyama, ndipo m'chaka cha 1976 dokotala wa ku France, Maurice Bucaille, adatulutsa buku limene lidafalitsa kwambiri maganizo akuti sayansi ya lero idanenedwa kale m'Qur'an. Cholinga chawo chidali chabwino. Vuto lake ndi lakuti za asayansi zimasintha. Ukamangirira ndime pa zimene akunena chaka chino, mawa akasintha mwana adzayesa kuti yagwa ndi ndimeyo. Mayi wophunzira wa ku Egypt, Aisha Abdur-Rahman, wodziwika ndi dzina lakuti Bint ash-Shati, kutanthauza mwana wamkazi wa m'mphepete mwa madzi ngati alongo athu a kunyanja kuno, adalimbana nayo kwambiri njira imeneyi. Iye ankati liwu la m'Qur'an limvedwe potsata paliponse pamene Qur'an yaligwiritsa ntchito, osati kulikoka ngati mphira kuti lifike pamene ife tikufuna. Chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano tibwere kwa Mlozi, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa bala ili ndi la m'mudzi mwathu.

Mayi, musamubisire mwana mbiri. Mlozi adalikodi, ankatchedwa Msilamu, ankagula minyanga ya njovu ndi anthu. Adamanga linga lake ku Mpata, m'mbali mwa mtsinje wa Rukuru, pamodzi ndi anzake Kopakopa ndi Msalemu. M'chaka cha 1887 Angonde ambiri amene adathawira m'mabango a ku Kambwe adafera momwemo mabangowo atayatsidwa moto. Nkhondo yake ndi kampani ya African Lakes idayamba chaka chomwecho mpaka 1889, ndipo mu Disembala 1895 asilikali a Harry Johnston adagumula lingalo, Mlozi n'kunyongedwa. Mnzake wa mwana wanu uja sadapeke nkhani; mwina adaimva kwa agogo ake, amene nawonso adaimva kwa agogo awo. Ena mwa ife tikafunsidwa timathamangira kunena kuti nawonso Azungu adagulitsa akapolo miyandamiyanda kutsidya la nyanja ya Atlantic. N'zoona, koma mlandu wa mnansi suchotsa wako, ndipo mwana amadziwa pamene wamkulu akuzemba funso.

Chinanso musamubisire ndi ichi: Qur'an imatchuladi akapolo, imaika malamulo a kakhalidwe nawo, ndipo mulibe ndime imodzi imene imanena mwatchutchutchu kuti kuyambira lero ukapolo watha, monga m'mene ndime 90 ya Sura Al-Ma'ida idatsekera nkhani ya mowa. Ndi bwino amve zimenezi kwa inu kusiyana ndi kuti akazipeze yekha pafoni pakati pa usiku, pambali pake pali munthu wodana ndi Chisilamu akumutanthauzira.

Nanga wotanthauzira wosamala amatani? Satola ndime imodzi n'kuthawa nayo. Amasonkhanitsa ndime zonse zonena za nkhaniyo, n'kuziika m'ndondomeko ya m'mene zidatsikira, n'kuona dziko limene zidatsikiramo. Njira imeneyi yotsata mutu umodzi m'Qur'an yonse yakula kwambiri m'zaka 100 zapitazi, ndipo pankhani ya ukapolo imaonetsa chinthu choonekeratu. Qur'an idapeza ukapolo uli kale ponseponse, kwa Aarabu, kwa Aroma, kwa Aperezi, chuma cha anthu chitatsamira pamenepo. Mulibe ndime yolamula Msilamu kupita kukagwira anthu kuti akagulitse. Ku Makka komwe, Asilamu akadali ochepa ndi ozunzidwa, Sura Al-Balad idafanizira njira ya chipulumutso ndi chikweza chovuta, ndipo choyamba kutchulidwa pachikwezapo ndi kumasula khosi la kapolo. Nthawi yomweyo Abu Bakr (RA) ankagula akapolo ozunzidwa n'kuwamasula, mmodzi mwa iwo Bilal (RA), Mwafirika mnzathu, amene adadzakhala muadhini woyamba. Ku Madina makomo otulukira adachuluka. Wopha mnzake mwangozi dipo lake ndi kumasula kapolo, pa Sura An-Nisa ndime 92. Woswa lumbiro, chimodzimodzi, pa Sura Al-Ma'ida ndime 89. Wosala mkazi wake mwa mwambo woipa wa zihar, chimodzimodzinso, pa Sura Al-Mujadila ndime 3. Kapolo wofuna kudziombola alemberedwe pangano ndipo athandizidwe ndi chuma, pa Sura An-Nur ndime 33. Pa magulu asanu ndi atatu olandira Zakaat otchulidwa pa Sura At-Tawba ndime 60, gulu limodzi ndi la makosi ofunika kumasulidwa. Za ogwidwa pankhondo, Sura Muhammad ndime 4 imatchula njira ziwiri, kuwamasula mwaulere kapena mwa dipo. Ndipo m'hadisi ya m'buku la Imam Bukhari, pa anthu atatu amene Allah Mwini adzakhale wotsutsana nawo pa tsiku la Kiyama, mmodzi ndi wogulitsa mfulu n'kudya ndalama yake.

Ndiye kuti ngakhale tisadafike kwa otanthauzira amakono, mwa malamulo a mabuku akale omwewo, kuzinga mudzi wa anthu amtendere, kutentha mabango, kumanga amayi ndi ana m'magoli ndi kukawagulitsa kugombe la Kilwa ndi haramu yoopsa. Ndipo alipo maulama amene adanena zimenezi nthawi ya Mlozi yomweyo. Ku Morocco, Sheikh Ahmad an-Nasiri, amene adamwalira mu 1897, adalemba m'buku lake la mbiri modzudzula mwamphamvu kugwidwa ndi kugulitsidwa kwa anthu akuda, ponena kuti chiyambi cha munthu aliyense ndi ufulu. Ku Tunisia, mfumu Ahmad Bey adathetsa ukapolo m'chaka cha 1846, akuluakulu a chipembedzo a m'dzikomo atavomereza, kukadali zaka pafupifupi 50 linga la ku Mpata lisadagwe. Zoti mawu oterewa sadamveke mokwanira m'misika ya akapolo, ndiponso kuti maiko ena a Asilamu adachedwa, monga Saudi Arabia imene idathetsa ukapolo mu 1962, ndi manyazi athu, ndipo tiwavomere.

Otanthauzira a masiku ano adaponda sitepe ina. Sheikh Muhammad at-Tahir ibn Ashur wa ku Tunisia, mwini tafsiri yaikulu ya At-Tahrir wat-Tanwir, amene adamwalira mu 1973, adalimbikira kuti lamulo lililonse la Sharia lili ndi cholinga, ndipo adaika ufulu pakati pa zolinga zimenezo. Fazlur Rahman wa ku Pakistan, amene adakaphunzitsa ku Chicago mpaka imfa yake mu 1988, adafotokoza kuti wowerenga Qur'an ayende maulendo awiri: achoke pa nthawi yake apite ku nthawi imene ndimeyo idatsika, akamvetse vuto limene inkathetsa ndi chimene inkafuna, kenako abwerere ku nthawi yake atanyamula cholingacho. Ife a kunyanja sitingavutike kumva zimenezi. Msodzi wa usipa amapalasa usiku kupita pakati pa nyanja ndi nyali zake, koma ntchito yake imatha pokhapokha wabwerera kudooko ndi nsomba. Wokhalira pakati pa nyanja ana ake agona ndi njala; wokana kuchoka padooko nayenso alibe chobweretsa. Tikapalasa kupita ku Makka ndi ku Madina timapeza makomo onse olowera mu ukapolo akutsekedwa limodzilimodzi, otulukira akutsegulidwa. Tikabwerera kuno sitingathe kunena kuti Qur'an ikufuna ukapolo ubwerere. Mlozi adayenda mobwerera m'mbuyo pa njira imene Buku linkaloza kutsogolo.

Wina anena kuti zimenezi ndi nzeru zachilendo zobwera ndi sukulu za Azungu. Ayi, m'bale wanga. Umar bin Khattab (RA) adaimitsa gawo la Zakaat limene linkaperekedwa kwa akuluakulu ena pofuna kufewetsa mitima yawo, ataona kuti Chisilamu chalimba ndipo chifukwa choperekera chija palibenso. M'chaka cha njala yaikulu ya ku Madina sadapereke chilango cha kuba kwa anthu oba chifukwa cha njala. Umar sadafufute ndime. Adadziwa chimene ndimeyo idatsikira, n'kuona ngati chilipo pamaso pake.

Koma ulendo wobwererawu uli ndi mtengo wake, ndipo apa ndi pamene ena a ife tiyambe kusuntha pamphasa. Ngati kumasula khosi ndi chikweza chimene Allah akufuna tikwere, makosi omangidwa a lero ali kuti? Rashid Rida ndi Sheikh Mahmud Shaltut wa ku Al-Azhar adafika ponena kuti gawo lija la Zakaat likhoza kuthandiza mitundu ya anthu yomangidwa ndi atsamunda, ngakhale maulama ena sadagwirizane nawo. Ife sitisowa kupita kutali. M'maboma a Karonga ndi Chitipa mwakhala mukumveka mwambo wa kupimbira, pamene kholo lolephera kubweza ngongole ya ndalama kapena ng'ombe limapereka mwana wamkazi kwa mwini ngongoleyo kuti akhale mkazi wake. Tisanamizane kuti zimenezi zimachitika kwa anzathu okha. Umphawi susankha chipembedzo. Kodi kumeneku si kugulitsa mfulu n'kudya ndalama yake? Sura An-Nisa ndime 4 imaika mahari m'manja mwa mkazi mwini wake, osati mwa bambo ake kuti abwezere ngongole. Khansa bint Khidham (RA) atakwatitsidwa ndi bambo ake iye asakufuna, Mtumiki (SAW) adathetsa ukwatiwo. Sura Al-Baqara ndime 280 imalamula mwini ngongole kudikira wovutika mpaka apeze. Ndipo malamulo a dziko lino, kuyambira pamene adakonzedwa mu 2017, salola ukwati wa mwana wosakwana zaka 18. Shehe amene angamangitse nikaha yotere sangabisale kumbuyo kwa Buku.

Msewu wochokera ku Songwe nawonso uli ndi nkhani zake. Mu Juni 2012 anthu oposa 40 ochokera ku Ethiopia adamira m'nyanja m'boma lomweli la Karonga, bwato limene linkawazembetsa usiku litagubuduzika. Anthu amenewa amanyamulidwa ngati matumba a makala, ndipo owapalasa, owabisa m'nyumba ndi owalondolera njira za m'tchire ndi anthu a m'midzi mwathu momwemu. Lamulo lolimbana ndi kuzembetsa ndi kugulitsa anthu lidakhazikitsidwa mu 2015, komabe mu 2024 tidamva za amayi a ku Malawi amene adanamizidwa ntchito zabwino ku Oman, n'kukalandidwa mapasipoti ndi kugwiritsidwa ntchito ngati akapolo m'nyumba za eni. Pafupi kwambiri, m'nyumba zathu zina muli kamtsikana kochokera kumudzi kamene kamadzuka swala ya Subuhi isadakwane, kamagona onse atagona, kusukulu sikapita, malipiro ake ndi nsima yotsala. Sheikh wa pamzikiti akamawerenga Sura Al-Balad pa swala ya Isha, ife tili kumbuyo kwake, ndime ija ikunena za kamtsikana kameneko.

Ndisanasiye, ndiyenera kutchinga mbali inayo, chifukwa ndikudziwa kuti ena atenga mawu angawa n'kuthamanga nawo. Sikuti chilichonse chotchedwa chamakono ndi cholondola. Alipo amene akangoti "nthawi yasintha" ndiye kuti afuna kuchotsa swala, kuloleza katapila, kupeputsa funga. Sura Al-Imran ndime 7 imatiuza kuti zilipo ndime zomveka bwino zimene ndizo maziko a Buku, ndipo imachenjeza za anthu a mitima yokhota amene amathamangira zosamveka bwino pofuna chisokonezo. Swala zisanu, Ramadhani, kuletsedwa kwa mowa ndi chiwerewere sizidikira kalendala. Fazlur Rahman yemweyo maulama ambiri adatsutsana naye pa mfundo zina, mpaka adachoka ku Pakistan m'chaka cha 1968, ndipo ine sindikuti timeze zonse zimene adalemba. Chimene ndimayang'ana ndikamva tanthauzo latsopano ndi ichi: kodi mwini wake Chiarabu akuchidziwa, hadisi akuzidziwa, zimene adanena akale waziwerenga asadazitsutse? Ndiponso tanthauzo lakelo likumusenzetsa katundu kapena likungomupeputsira zimene mtima wake unkafuna kale? Tanthauzo la kumasula khosi limene takambirana pamwambapa silipeputsira aliyense. Limatilanda wantchito waulere ndi ng'ombe za ngongole.

Pamene ophunzira enieni asiyana, tisathamangire kutulutsana m'chipembedzo. Mtumiki (SAW) adatuma maswahaba kwa Banu Quraiza n'kuwauza kuti asaswali Asri kufikira atafika. Nthawi itawapeza panjira, ena adaswali ponena kuti chimene ankafuna ndi chakuti afulumire, ena adadikira potsata mawuwo m'mene adalili, ndipo iye sadadzudzule gulu lililonse. Ife a kuno tidataya zaka zambiri pa mkangano wa zikiri ndi sukuti pamaliro, mabanja mpaka kuleka kudyerana, ana athu ali pambali kusowa wowayankha mafunso onga awa.

Mayi, nazi zoti muchite. Kalatayi muwawerengere bambo a mwanayo nsima itatha, osati pamaso pa ana. Loweruka lina mupemphe shehe wa pamzikiti panu, mutenge mwanayo ndi bambo ake, mubwerere limodzi ku nyumba ya zinthu zakale ija, muime pa chigoba chija mpaka mwanayo amalize mafunso ake onse; pamene shehe sakudziwa anene kuti Allahu a'lam, akafufuze. Mukatero mumupatse mwanayo Qur'an ya m'Chichewa, atsegule yekha Sura ya 90, awerenge mokweza kuyambira ndime 11 mpaka 17. Mnzake uja asakamubwezere mawu. Akamuuze kuti zimene adachita Mlozi kwa agogo ake zidali zoipa, kuti Asilamu tikuvomereza kuti zidachitika, ndipo ngati angalole, adzabwere kwanu pa Idi adzadye nawo mpunga.

M'kope likudzali, Insha Allah, tidzaona kalata ya bambo wina wa ku Nkhotakota amene akufunsa za kagawidwe ka chuma cha masiye pamene mwambo wa kuchikazi ukukokera kwina, Sura An-Nisa kwina. Amene muli ndi nkhani zofanana nayo tumizani msanga kudzera kwa mkonzi.

Wassalamu alaikum warahmatullahi wabarakatuh.